Zochitika za pa Chirunga Kunja kwa Kalasi

Chaka cha maphunziro chikamatsegulidwa ku sukulu ya ukachenjede ya ku Zomba, malo amene amayamba kudzaza msanga ndi mabolodi a zidziwitso. Pasanathe sabata mapepala amakhala atapanikizana, lina pamwamba pa linzake. Apa bungwe la ophunzira likuitanitsa msonkhano, apo a zisudzo akufuna anthu atsopano, pambali pake a kwaya akulengeza tsiku loyesa mawu, ndipo pansi penipeni pali kapepala kodziwitsa anthu kuti mphunzitsi wina adzakamba nkhani ya poyera madzulo a tsiku lakutilakuti. Masiku ano zambiri mwa zidziwitsozi zimayendanso pa mafoni a m'manja, komabe mapepala sadaleke kumatidwa.

Kholo limene laperekeza mwana wake kuchokera ku Chitipa, ku Ntchisi kapena ku Nsanje likaima pa bolodi lotere, mtima umakhala m'mwamba. Lagulitsa mbuzi, mwinanso ndi matumba a chimanga amene akadafikitsa banja ku masika, kuti mwanayo apeze ndalama za fizi ndi zoyendera. Tsono likaona mapepala a magule, mpira ndi zisudzo, limadzifunsa chamumtima kuti, "Kodi mwanayu wabwera kudzaphunzira kapena kudzavina?" Funso limeneli nloyenera, ndipo woliyankha mwachipongwe ndiye kuti sadagulitsepo mbuzi. Nkhani ya lero ikulongosola zimene zidzakhala zikuchitika pa malo amenewa m'miyezi ya maphunziro, kumene zidachokera, ndiponso chimene munthu wa kumudzi angatolepo.

Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, chaka chomwe dziko lino lidalandira ufulu wodzilamulira, ndipo maphunziro adayamba pa 29 Sepitembala 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ndi ophunzira 90 okha. Mkulu woyamba woyendetsa sukuluyi adali Dr Ian Michael. M'chaka cha 1973 koleji ya Chancellor idasamukira ku Zomba, pa malo otchedwa Chirunga m'munsi mwa phiri, ndipo idatengera limodzi sukulu ya aphunzitsi ya Soche Hill ndi sukulu ya kayendetsedwe ka ntchito za boma imene idali ku Mpemba. Kwa zaka zambiri yunivesite idali imodzi yokha m'dziko lonse, nthambi zake zili ku Zomba, ku Bunda ndi ku Polytechnic, kenaka ku Kamuzu College of Nursing kuyambira 1979 ndi ku College of Medicine kuyambira 1991. Nthambizo zidapatukana. Bunda idaima payokha mu 2012 ndi dzina lakuti LUANAR, ndipo mu 2021 Polytechnic idasanduka MUBAS, sukulu ziwiri za zaumoyo zidaphatikizana nkukhala KUHeS, dzina lakuti Yunivesite ya Malawi nkutsalira ku Chirunga. Anthu ambiri mpaka lero amangoti pa Chanco. Zimene zikambidwe pano ndi za kumeneko, ngakhale kuti zofanana nazo zikupezekanso ku Mzuzu, ku Thyolo, ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Chochitika choyamba pa chaka ndi sabata yolandira ophunzira atsopano. Iwowa amaonetsedwa malo: kuno nkolembetsa maphunziro, uko nkuchipatala, iyi ndi nyumba ya mabuku ndipo buku limabwerekedwa motere. Zimaoneka zazing'ono, koma mwana amene wachokera ku sekondale yoyendera ya kumudzi, kumene buku limodzi ankaweramirapo anthu khumi, amafunika womugwira dzanja tsiku loyamba. Pa Chirunga palibe mphunzitsi woyenda ndi ndodo kudzutsa anthu m'mamawa. Wogona amagona ndithu, ndipo amadzadzutsidwa ndi mayeso. Vuto lalikulu la sabata imeneyi ndi malo ogona. Zipinda za pa sukulu zidamangidwa pamene ophunzira adali ochepa, motero ambiri amakachita lendi ku Chikanda ndi m'madera ena ozungulira, kumene eni nyumba amadziwa bwino tsiku limene sukulu ikutsegulidwa. Kholo lochenjera limayamba kufunsa za malo mwana asadanyamuke. M'sabata yomweyi mabungwe a mapemphero, monga SCOM, YCS ndi bungwe la ophunzira a Chisilamu, amayendera alendowa, ndipo kwa ana ambiri amenewa ndiwo amakhala abale oyamba m'tauni yachilendo.

Pa zidziwitso zonse pali kamodzi kamene mlendo angakapitirire osakaona, ka msonkhano wa alembi. Gulu la Writers' Group lidayamba mu 1970, koleji idakali ku Chichiri, ndipo lidasamukira nayo limodzi ku Zomba. Linkakumana madzulo, kamodzi pa sabata. Kachitidwe kake kadali kosavuta. Munthu ankabwera ndi ndakatulo kapena kankhani kake, mapepala nkugawidwa kwa onse, mwini wake nkuwerenga mokweza, kenaka nkukhala chete anzake akuisenda ntchito yakeyo ngati chinangwa. Chodabwitsa chidali chakuti m'chipinda chimenecho wophunzira wa chaka choyamba ankatha kuuza mphunzitsi wake kuti mzere wakutiwakuti ngwofooka, pomwe kunja kwa chipindacho sakadayerekeza nkomwe. Mwa amene adadutsa m'gululi muli Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo, Felix Mnthali, Anthony Nazombe ndi Ken Lipenga. Kabuku kawo ka ndakatulo kotchedwa Mau kadatuluka mu 1971.

Omvera achikulire akuikumbuka nyengo imeneyo. Dziko lidali la chipani chimodzi kuyambira 1966, ndipo lamulo la mu 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, zisudzo ndi makanema asadafike kwa anthu. Mawu otuluka mosasamala ankatha kumugoneka munthu m'ndende popanda kuzengedwa mlandu. Tsono alembi a pa Chirunga adabwerera ku nzeru za agogo awo, amene ankadziwa kudzudzula mfumu pa mtondo kapena pa bwalo la gule, mfumuyo ili pomwepo, osaitchula dzina. Adatenga birimankhwe wosinthasintha maonekedwe. Adatenga Kaphirintiwa, kumene nthano imati anthu oyamba adapondako. Adatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu a ku Zomba adati ndicho chidagumula matanthwe ndi kukokolola milatho mu Disembala 1946. Zonsezi adazisenzetsa nkhani za masiku awo, ndipo wakumva ankamva. Ndakatulo za Chimombo zonena za Napolo, ndi buku la Mapanje lotchedwa Of Chameleons and Gods la mu 1981, zidabadwira m'nyengo yotere.

Zining'a sizidateteze onse. Chipasula adathawira kunja mu 1973. Mnthali adatsekeredwapo m'zaka zomwezo za m'ma 1970. Mapanje, ali mkulu wa nthambi ya Chingerezi pa kolejipo, adagwidwa pa 25 Sepitembala 1987 mu mzinda wa Zomba, ndipo adakhala ku ndende ya Mikuyu, imene siili kutali ndi Chirunga, mpaka Meyi 1991, osaonekera ku khoti. Kholo likamva zimenezi lingati bola mwana wake atalikirane ndi alembi. Koma nthawi zidasintha, ndipo wolemba ndakatulo lero saopa galimoto ya apolisi usiku. Chimene chikusowa tsopano ndi khutu lowawa la mnzake. Mnyamata akalemba mizere khumi nkuiponya pa Facebook, anzake zana amamuyamikira pasanathe ola, wopanda ndi mmodzi yemwe womuuza kuti mawu awiri mwa atatu aliwonse ngongodzazira malo. Msonkhano wa alembi ndi malo amene munthu amauzidwa zimenezo pamaso, ndipo phindu lake limafika kutali. Ambiri mwa amene amakhala m'chipinda chotere amadzakhala aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi m'masekondale, atolankhani, kapena okonza mapulogalamu a pa wailesi. Benedicto Wokomaatani Malunga, amene ndakatulo zake za Chichewa zamveka m'nyumba zambiri, adaphunzira pa Chirunga pomwepa, ndipo pambuyo pake adadzakhala mlembi wamkulu wa yunivesite.

Ngati pali chochitika chimodzi chimene chidagwetsa mpanda pakati pa sukuluyi ndi midzi, ndicho zisudzo. Gulu la zisudzo loyendayenda, la Travelling Theatre, lidayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Poyamba linkapita m'masekondale ndi masewero a m'Chingerezi, ena a alembi a kunja, ena a Amalawi, ndipo James Gibbs, amene ankaphunzitsa pa kolejipo, adasonkhanitsa masewero asanu ndi anayi a Amalawi m'buku la mu 1976. Ntchito idali yabwino, koma oonera adali okhawo odziwa Chingerezi, ndipo m'dziko muno amenewo adali ochepa zedi. Kuyambira 1981, motsogozedwa ndi Chris Kamlongera ndi David Kerr, gululi lidatembenukira ku zilankhulo za anthu. Chaka chimenecho ophunzira adapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, ndipo kuyambira 1985 adagwira ntchito ndi a zaumoyo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, monga kwa Mwima.

Kachitidwe kawo nkoyenera kukalongosola bwino, pakuti nkamene mabungwe ambiri adatengera pambuyo pake. Ophunzira sankanyamula sewero lolembalemba kuchokera ku Zomba ayi. Ankafika m'mudzi, nkuonekera kwa mfumu monga mwa mwambo, kenaka nkumwazikana kukacheza ndi anthu: amayi pa chitsime, abambo pa bawo, anyamata ku dimba. Ankamvetsera chimene chikuwawa anthuwo. Mwina ndi matenda otsekula m'mimba amene akutha ana, mwina ndi chitsime chimene chidaonongeka koma aliyense akuloza mnzake kuti ndiye akonze. Madzulo ankasonkhanitsa zimene amva nkuluka sewero, nyimbo zake zili za m'mudzi momwemo. Tsiku loonetsa, anthu ankakhala mozungulira pansi pa mtengo, popanda nsanja, popanda chinsalu. Sewero likafika pa mfundo yovuta, wosewera ankatembenukira kwa anthu nkufunsa kuti munthu wa m'seweroyo atani. Pamenepo ndiye pankagona luso lonse. Mayi amene sakadalankhula pa msonkhano wa mfumu ankatha kudzudzula mwamuna wa m'sewero mosaopa, popeza akudzudzula wongopeka, pamene aliyense pa bwalopo akudziwa amene akunenedwa. Sewero likatha, zokambirana zinkapitirira, ndipo nthawi zina zinkathera pa kusankha komiti yoyang'anira chitsime kapena ukhondo wa m'mudzi.

Padalinso phindu lina limene silinkanenedwa mokweza. Sewero lolembedwa linkayenera kupita ku bungwe lounika lija, nkubwerako mizere ina itadulidwa. Sewero lobadwira pa bwalo, limene theka la mawu ake likuchokera kwa oonera, nlovuta kulidula ndi cholembera.

Komabe luso limeneli lili ndi matenda ake, ndipo ophunzira amene adzalowe m'gulu la zisudzo chaka chino ayenera kuwadziwa. Mabungwe a chitukuko ataona kuti zisudzo zimakoka anthu, ambiri adayamba kulemba ganyu osewera kuti akapereke uthenga wokonzedwa kale mu ofesi. Sewero lotere limafunsa anthu mafunso amene yankho lake lili kale m'thumba la wofunsayo. Anthu a kumudzi si ana. Amaseka, amaomba m'manja, amalandira malaya aulere ngati alipo, nkubwerera kwawo osasintha kanthu. Chimene chidapatsa mphamvu ntchito ya kwa Mwima chidali kumvetsera kwa masiku angapo kusadayambe kusewera, ndipo kumvetsera kulibe njira yachidule. Pa sukulu penipenipo masewero amachitikira mu holo yaikulu ya Great Hall, imene idatsegulidwa mu 1982, ndi m'kanyumba ka zisudzo ka Little Theatre. Ophunzira a zaluso amaonetsa ntchito zawo kumeneko, pamodzi ndi magule, nyimbo ndi zojambula, ndipo aphunzitsi a m'masekondale a ku Zomba, Machinga ndi Chiradzulu angachite bwino kumafunsa masiku ake nkupita ndi ana awo. Mwana amene waonapo sewero lokonzedwa bwino sabwerera ku sukulu kwake ali chimodzimodzi pa mpikisano wa zisudzo.

Kapepala ka pansi penipeni kaja, ka nkhani ya poyera, ndiko kamene anthu akunja amakanyalanyaza kwambiri, chonsecho ndiko kamene kamawaitana iwowo. Mphunzitsi akakwezedwa kukhala pulofesa, mwambo wa mayunivesite ngwakuti aime pamaso pa anthu nkufotokoza zimene wapeza pa zaka zake zonse za kafukufuku. Nthawi zina amabwera alendo, oweruza milandu, akatswiri a zachuma kapena a mbiri yakale, kudzakamba za nkhani imene ili m'kamwam'kamwa. Ngakhale Dr Kamuzu Banda, amene adali Chansala woyamba, adakambapo pa kolejipo m'zaka za m'ma 1970 za kalankhulidwe koyenera ka Chichewa, nkhani imene ankaikonda kwambiri. Misonkhano yotere kawirikawiri imakhala yaulere, ndipo dzina lake lomwe likunena kuti njapoyera.

Nanga bwanji mlimi wa kwa Jali kapena msodzi wa ku Kachulu sapezekako? Wina angati nchifukwa cha mtunda, koma mtunda womwewo anthu amauyenda pa njinga popita ku msika wa Zomba. Chifukwa chenicheni nchilankhulo. Nkhani zimenezi zimakambidwa m'Chingerezi, ndiponso Chingerezi cha m'mabuku. Chitsanzo chake ndi nyanja ya Chilwa. Akatswiri a yunivesite adayamba kuifufuza kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, adaiona ikuuma mu 1968 ndi kudzadzanso, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa m'buku lalikulu la mu 1979. Nyanjayo idaphweranso mu 1995, ndipo idachepa koopsa mu 2018. Zimene zidalembedwa za mmene matemba, makumba ndi milamba imapulumukira m'mitsinje ndi m'madambo pa nthawi ya chilala, nkubwerera madzi akadzadza, nzofunika kwa msodzi kuposa kwa wina aliyense. Nayenso msodziyo ali ndi zimene adamva kwa agogo ake, zimene katswiri sangazipeze m'buku. Anthu awiriwa akadamakhala m'chipinda chimodzi kamodzi pa chaka, wina akulankhula wina nkumamasulira, onse akadapindula. Sukuluyi ili ndi nthambi yofufuza zilankhulo, ya Centre for Language Studies, imene idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 ndipo idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Omasulira sakusowa pa Chirunga.

Pali ngongole inanso yofanana ndi imeneyi. Kwa zaka zambiri ophunzira a mbiri yakale akhala akupita kwawo pa tchuthi kukafunsa akuluakulu za maufumu, za maulendo a mitundu, za thangata ndi za ulendo wa ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare. Zimene amva amazilemba nkuziwerenga pa misonkhano ya nthambi yawo, anzawo nkumawapanikiza ndi mafunso. Mapepala amenewo asunga mawu a nkhalamba zambiri zimene zidatisiya kale, ndipo akatswiri monga Kings Phiri ndi Owen Kalinga adamanga ntchito zawo pa mbiri zapakamwa zotere. Zidzukulu za nkhalambazo, zimene lero zikukangana za ufumu ndi malire a minda, zambiri sizidziwa kuti mawu a agogo awo ali pa shelefu ku Zomba.

Pakati pa chaka bolodi limasintha nkhope. Pamadzadza zithunzi za anyamata ndi atsikana ovala bwino, aliyense akulonjeza kuti akasankhidwa kutsogolera bungwe la ophunzira adzakonza za malo ogona, za ngongole za maphunziro ndi za chakudya. Usiku wina onse opikisana amaimitsidwa pamaso pa anzawo kuti anene mfundo zawo, ndipo khamu la ophunzira silichitira chifundo munthu wachibwibwi kapena wabodza. Akuluakulu ena amaseka chisankho chimenechi, amati ndi masanje. Mbiri ikutsutsa. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula kayendetsedwe ka dziko idawerengedwa m'matchalitchi, ndipo boma litakwiya nayo, ophunzira a pa Chirunga ndiwo adali m'gulu la oyamba kuyenda mu msewu poyera kuikira kumbuyo maepiskopiwo. Koleji idatsekedwa, koma mantha adali atang'aluka, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri.

Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito adaitanitsa mphunzitsi wa za ndale, Dr Blessings Chinsinga, kukamufunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi chokhudza zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi adakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape, ophunzira ambiri adagwirizana nawo, ndipo mkanganowo udatha pafupifupi miyezi 8. Aphunzitsi anayi amene adachotsedwa ntchito adabwezeredwa. Mfundo imene ankamenyera idali yoona, pakuti kalasi imene mphunzitsi akuyang'ana kukhomo asadayankhe funso siphunzitsa kanthu. Koma mtengo wake udalipidwanso ndi mabanja amene adasunga ana pakhomo miyezi yonseyo, lendi ya ku Chikanda ikuwerengedwabe. Nchifukwa chake kholo lili ndi ufulu wofunsa mwana wake za amene akumuvotera. Mtsogoleri wodziwa kukambirana amapulumutsa chaka, pamene wongodziwa kukuwa amachititsa kuti magalasi aphwanyidwe pa nkhani imene ikadatha pa tebulo, sukulu nkutsekedwa, digiri ya zaka zinayi nkutenga zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Kutsekatseka kotere, pamodzi ndi mliri wa Covid-19 umene udatseketsa sukulu zonse mu Malichi 2020, ndiko kudasokoneza kalendala, kotero kuti masiku otsegulira ndi otsekera ayenera kumveredwa pa wailesi ndi m'manyuzipepala chaka ndi chaka.

Za masewera nzosachita kutalikitsa. Mpira wa miyendo, wa manja, basiketibolo ndi volebolo zimaseweredwa madzulo ndi Loweruka, ndipo tsiku limene a pa Chirunga akumana ndi anzawo a ku Blantyre kapena a ku Bunda, phokoso lake limamveka mpaka ku Chinamwali. Mkangano wa Chanco ndi Poly ngwakale, ndipo kusintha kwa maina sikudauziziritse. Munthu amene wakhala pa mpando sabata yathunthu akuwerenga malamulo kapena masamu amafunika kutuluka thukuta.

Chimene makolo amachiopa kwenikweni ndi mapeto a sabata a zisangalalo, amene ophunzira amawatcha social weekend. Kumabwera oimba otchuka, kumakhala magule usiku wonse, ndipo mowa susowa. Kubisa zimenezi nkunamiza omvera. Ena ndalama za mwezi wathunthu zimathera pomwepo, ena amatengapo mimba kapena matenda, ndipo atsikana ena amachitidwa nkhanza zimene amaopa kukanena. Komanso nzoona kuti ambiri amavina, nkukagona, Lolemba nkulowa m'kalasi. Kuletsa sikungathandize munthu wa zaka makumi awiri amene ali kutali ndi kwawo. Chothandiza ndi mawu a azakhali kapena amalume onenedwa mosapsatira mwana asadakwere basi, ndiponso mwanayo kudziwa kumene kuli chipatala ndi ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, kumene angakadandaule wina akamuchita chipongwe, kaya ndi mnzake kaya ndi mphunzitsi.

Mayeso akayandikira zonsezi zimazima ngati moto wothiridwa madzi. Ng'oma zimapachikidwa, mabwalo a mpira amakhala pululu, ndipo mpando wa m'nyumba ya mabuku umalimbiranidwa m'bandakucha. Mapemphero okha ndiwo amachuluka anthu.

Chochitika chimene chimasonkhanitsa dziko lonse pa Chirunga ndi mwambo wopereka madigiri ndi madipuloma. Umachitikira mu Great Hall, ndipo popeza otsiriza maphunziro achuluka, masiku ano umagawidwa m'zigawo zingapo. Aphunzitsi amalowa pa mdipiti atavala mikanjo ya mitundumitundu, uliwonse ukusonyeza sukulu imene mwini wake adaphunzirako, ndipo anthu onse amaimirira. Chansala, amene pa sukuluyi amakhala mtsogoleri wa dziko, kapena womuimirira, ndiye amatsegula mwambowo. Kenaka maina amayamba kuitanidwa, limodzilimodzi, nthambi ndi nthambi. Mwambowo ngwautali ndipo mawu ake ambiri nga Chingerezi, koma palibe mayi amene adalepherapo kumva dzina la mwana wake. Likangotchulidwa, nthungululu imang'amba holo yonse, ndipo asilikali a pakhomo amangoyang'ana kumbali, pakuti palibe lamulo limene lingatseke pakamwa pa munthu amene adaphika zitumbuwa zaka zinayi kuti tsiku limeneli lifike.

Mabanja amene akuyembekeza mwambowu adziwiretu zinthu zingapo. Mipando ya mu holo njowerengeka, ndipo wotsiriza maphunziro aliyense amapatsidwa makadi ochepa a alendo. Ndi bwino banja likambirane kunyumba za amene adzalowe, kuti mkangano usadzabuke pakhomo pa holo pakati pa bambo womubereka ndi amalume amene adalipira fizi. Otsalawo sataya kanthu kwenikweni, chifukwa chisangalalo chachikulu chimakhala panja, pa kapinga, pamene ojambula zithunzi ndi ogulitsa maluwa amakhala atandanda, agogo nkuvekedwa chisoti cha mdzukulu wawo kuti ajambulidwe nacho. Mkanjo umafuna ndalama zake, zithunzi zimafuna zake, choncho zikonzedwe padera. Nyumba zogona alendo mu Zomba zimadzaza msanga sabata imeneyo, ndipo a kutali, monga a ku Karonga, ku Mchinji ndi ku Nsanje, afike dzulo lake, atafunsiratu malo kwa abale kapena ku mpingo. Mwambo ukakhala m'miyezi ya Juni ndi Julayi asaiwale chofunda, pakuti mphepo yotsika m'phiri la Zomba m'mamawa siiona kuti munthu wavala suti yatsopano.